Printa ya kusukulu imafuna "kudalitsidwa" ndi Windows magetsi akathima. Ndithandizeni pa Linux

Yamikani: Anzanga apagulu, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere teremu yonse ino. Ndimaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Dedza ndipo chipinda cha makompyuta ndimayang'anira ndine. Makompyuta alipo 14, onse ndinaikamo Linux Mint chifukwa ndi okalamba, Windows imawalemera. Printa tili nayo imodzi, HP LaserJet 1020, ili pa USB ya kompyuta ya kutsogolo.

Imagwira bwinobwino, koma magetsi akangothima n'kuyakanso, basi yagona. Ukatumiza pepala kompyuta imati ntchito yatheka, koma printa ili duu, nyali yobiriwira ikuyaka, osatulutsa kanthu. Mankhwala ake ndinawatulukira mwangozi: ndimakabwereka laputopu ya akalaliki ku ofesi, ya Windows, ndimalumikiza printa n'kuprinta tsamba limodzi, kenako ndimabwezera chingwe ku Linux osazimitsa printayo. Ikatero imagwira mpaka magetsi adzathimenso. Aphunzitsi anzanga ayamba kunena kuti printayi ndi ya mpingo wa Windows, imafuna kukadalitsidwa kaye. Sabata ya mawa tikuprinta mayeso a mock a Fomu 4 ndipo akalaliki atopa nane. Alipo anakumanapo nazo?

Chisomo: Aphunzitsi, iyi ndiye nkhani ya asing'anga, osati ya pagulu pano 😂

Limbani wa ku Limbe: Palibe ufiti apa achimwene, ndipo printa yanu ilibe vuto. Ma 1020 ndakonza ambirimbiri pa benchi panga. Mtundu umenewu, pamodzi ndi 1018 komanso P1005, susunga firmware yonse (pulogalamu yoyendetsa printayo) mkati mwake. Ikayaka imakhala ngati munthu wodzuka kutulo osadziwa dzina lake, imadikira kuti kompyuta iitumizire kafayilo ka firmware kudzera pa USB. Kafayiloko kamakhala mu RAM ya printa, ndiye magetsi akachoka nako kamachoka. Driver ya pa laputopu ya akalaliki imatumiza kafayiloko yokha popanda inu kudziwa. N'chifukwa chake mukasuntha chingwe osazimitsa, Linux imapeza printa ili kale maso.

Pa Mint driver ilipo kale, ndi foo2zjs, koma firmware saikamo. Pezani intaneti pa kompyuta ya kutsogoloyo, ngakhale ya pafoni, mulembe mu terminal:

sudo getweb 1020

Ikoka fayilo yotchedwa sihp1020.dl. Mukatero zimitsani printa, muyatsenso, mumvetsere. Ilira kawiri: poyamba pongoyaka, kenako pakapita timasekondi nyali ya orenji iphethira ndipo injini izunguliranso. Kulira kwachiwiriko ndiye kuti yalandira.

Yamikani: Koma nanga n'chifukwa chiyani kompyuta imandinamiza kuti yaprinta?

Limbani wa ku Limbe: Siikunama kwenikweni. Yatumizadi zonse pa chingwe, printa yalandira. Kungoti wolandirayo samamva chilankhulo. Zili ngati kupereka kalata kwa mlonda wosadziwa kuwerenga, iye n'kugwedeza mutu.

Getweb ikakanika, njira ina ndi ya HPLIP, mapulogalamu a HP eni ake a pa Linux, lamulo lake ndi hp-plugin -i. Koma musankhe imodzi. Mukaika zonse ziwiri zimalimbirana printa.

Tiwonge (Leeds): Moni nonse. A Limbani anena zoona, koma ndilankhule zomwe ena sangazikonde. Printa imeneyi inatuluka 2005. Aphunzitsi, mwina ana ena a Fomu 4 amene mukuwaprintira mayesowo ndi aang'ono kwa iyo. Dziko la kuprinta linasamuka kalekale ku nkhani ya ma driver. Apple inabweretsa AirPrint mu 2010, bungwe la Printer Working Group linatulutsa IPP Everywhere mu 2013, a Android ali ndi Mopria. Zonsezi mfundo ndi imodzi: printa imadzilengeza yokha pa netiweki, imanena mapepala amene imalandira, ngati imaprinta mbali zonse, ngati ili ndi mitundu, kompyuta n'kungoitumizira PDF kapena raster wamba. Palibe choika. Kuntchito kwathu ndikalumikiza laputopu ya Fedora pa Wi-Fi, maprinta onse amangooneka. Ngakhale za USB zatsopano zimatero kudzera pa kapulogalamu ka ipp-usb. Auzeni ahedi aike printa yatsopano pa bajeti, muonetsetse kuti pa katoni palembedwa AirPrint, nkhani yatha.

Mayi Nabanda: Achemwali a ku Leeds, bajeti yake iti? Kuno choko chenicheni amagawira aphunzitsi mowerenga.

Limbani wa ku Limbe: Ndiye pamenepo a Tiwonge. Anthu sakakamira 1020 chifukwa cha umbuli. Katiriji yake ya 12A ilibe chip, imatulutsa masamba pafupifupi 2,000, ikatha timathiramo toner wa m'botolo, drum ikatha timasintha drum yokha. Zipangizo zake zili mbwee, chifukwa zakufa ndi zambiri zochotsako. Yatsopano yotsika mtengo muigula lero, koma mukadzafunsa mtengo wa katiriji mudzakhala pansi. Ndiye printa yoti ikugwira ntchito itayidwe chifukwa cha kafayilo kamodzi?

Tiwonge (Leeds): Sindikunena kuti itayidwe mawa. Ndikunena kuti amene amalemba CUPS, pulogalamu yoyendetsa zoprinta pa Linux, ananena poyera kuti ma driver ndi mafayilo a PPD ofotokoza printa akupita kotha. Yesani kuika printa ndi lpadmin pogwiritsa ntchito driver yakale, muona chenjezo likutuluka pa terminal pomwepo. Tisadzadabwe tsiku lina.

Madala Gondwe: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma nkhani ya printa sindingaileke idutse. Mundilole ndiyambire patali, ndine wokalamba.

Mukudziwa kuti mapulogalamu aulere amene tonse tikudyerawa anayamba ndi mkangano wa printa? Cha m'ma 1980, ku MIT, Richard Stallman ankagwira ntchito mu labu yomwe inali ndi printa yokonda kutsamwa mapepala. Pa printa yakale iye anasintha pulogalamu yake kuti pepala likatsamwa, anthu odikira azilandira uthenga, wina apite akakonze. Itabwera printa yatsopano ya laser ya Xerox, anafuna kuchita chimodzimodzi, koma source code anamukaniza. Munthu amene anali nayo anali atasaina pangano losaulula. Mkwiyo umenewo ndi umodzi mwa mizu ya GNU, ntchito yake yolemba mapulogalamu aulere, yomwe anailengeza mu 1983. Ndiye aphunzitsi a ku Dedza, vuto lanuli ndi mdzukulu wa vuto lomwe lija. Foo2zjs ndi yaulere, analemba ndi Rick Richardson, n'chifukwa chake Mint imabwera nayo. Firmware ija ndi katundu wa kampani, alibe chilolezo choigawa, n'chifukwa chake mukuyenera kukaitenga nokha.

Ine ndinayamba ntchito nthawi ya lpd, pulogalamu yakale yoprintira ija ya ku Berkeley. Printa iliyonse unkailemba pamanja mu /etc/printcap, mizere yodzaza ma colon ndi ma backslash, ukaphonya kamodzi palibe chotuluka ndipo palibe wokuuza chifukwa. Lpd inkangodziwa kuika ntchito pamzere ndi kuzikankhira ku chingwe kapena ku port 515. Kuti printa ili ndi mathireyi angati, sinkafunsa. A System V anali ndi lp yawo, a BSD lpr yawo, ukasintha ntchito umaphunziranso. Printa yomva PostScript, chilankhulo cha Adobe chofotokozera tsamba, inali ya mabwana, yodula koopsa. Enafe chinatipulumutsa ndi Ghostscript ya L. Peter Deutsch, ya 1988, yomwe inkatenga PostScript n'kuisandutsa timadontho tomwe printa yotchipa ingamve. Pa ofesi ina ku Zomba ndinagonapo usiku wa malipiro, ndikulimbana ndi filter yolemba ndekha kuti mapepala a malipiro asatuluke ngati masitepe, mzere uliwonse kuyambira pomwe unzake wathera.

CUPS ya Michael Sweet itabwera mu 1999 zinali ngati mvula yoyamba. Inatenga IPP, njira yolankhulirana ndi printa pa netiweki, kukhala chilankhulo chake, inasunga malamulo onse awiri, lp ndi lpr, kuti ife akale tisasochere, inabwereka mafayilo a PPD kwa Adobe kuti printa iliyonse ifotokozedwe. Mpaka lero mukatsegula browser n'kulemba localhost:631 mupeza tsamba lake.

Chisomo: Madala, ndiye CUPS si ya Apple? Pansi pa tsambalo ndinaonapo dzina la Apple.

Madala Gondwe: Inakhalapo. Apple inayamba kuigwiritsa ntchito mu Mac OS X 10.2 mu 2002, ndipo mu 2007 inaigula n'kumulemba ntchito Sweet. Iye anachoka kumeneko kumapeto kwa 2019, ntchito ya CUPS ku Apple inazilala, ndiye a OpenPrinting, gulu lotsogozedwa ndi Till Kamppeter, anaitenga n'kupitiriza, Sweet ali nawo limodzi. CUPS 2.4 ya 2021 inatuluka m'manja mwawo. Chikhala kuti source code inali yotsekera, bwenzi pano tikulira. Poti inali poyera, anthu anangonyamula katundu n'kusamukira nyumba ina.

Esnart (admin): Madala zikomo ndi phunziro. Koma tibwerere kwa aphunzitsi, mock ikuyandikira. A Yamikani, zayenda?

Yamikani: Pepani ndinali m'kalasi. Ndalumikiza foni, ndalemba getweb, yakoka. Ndazimitsa printa n'kuyatsa. YALIRA KAWIRI. Ndatumiza tsamba loyesera la CUPS, latuluka. Laputopu ya akalaliki sinayandikire n'komwe. A Limbani, mukadzadutsa ku Dedza mbatata ya kachewere ili pa ine.

Koma pali china. Ndaprinta pepala la Biology, mzere womaliza pansi wadukira. Pa sikirini ukuoneka.

Mayi Nabanda: Imeneyo ndiye ndikuidziwa ine, ya Letter. Pa shopu panga ndinataya mapepala ambiri nisanaizindikire. Poika Mint munasankha Chingerezi cha ku America eti?

Yamikani: Ndinangodina Next, Next.

Mayi Nabanda: Basi ndi zomwezo. Kompyuta ikuganiza kuti muli ndi pepala la ku America. A4 yathu ndi 210 mm ndi 297 mm, Letter ndi 216 ndi 279. M'litali ikuperewera ndi 18 mm, ndiwo mzere wanu wa Biology umenewo. Pitani pa localhost:631, Printers, musankhe printa yanu, Set Default Options, musinthe ikhale A4. Muonenso mu LibreOffice, pa Page Style, chifukwa fayilo nayo imanyamula saizi yake.

Madala Gondwe: Kapena mzere umodzi, kwa okonda terminal. Dzina la printa mulione ndi lpstat -p, ine ndingoti HP1020:

sudo lpadmin -p HP1020 -o PageSize=A4

Ndipo poti kwanuko magetsi ndi a bwera-pita, phunzirani kuyang'ana lpstat -t musanayambe kutukwana makina. Mukaona palembedwa disabled, ndiye kuti CUPS inapeza printa palibe n'kuimitsa mzere. Cupsenable HP1020 imautsegula. Kuti isamaimitse, ikani printer-error-policy=retry-job.

Tiwonge (Leeds): Pa Ubuntu ndi Mint retry-job imakhala yoikidwa kale, Madala. Stop-printer ndi ya CUPS yosasinthidwa.

Madala Gondwe: Mwandikonza, mwana wanga. Ine ndimakhalira FreeBSD, kumene lpr ya m'nyumba ndi lpr ya CUPS zimakhala m'mafoda awiri osiyana, ndipo ukalemba lpr osaganiza umaitana yolakwika. Aliyense ndi mtanda wake.

Yamikani: A4 yatheka, mzere wabwerera. Tsopano ndikulimba mtima, ndifunsenso. Panopa aliyense wofuna kuprinta amabwera ndi flash ku kompyuta ya kutsogolo. Makompyuta ena 13 aja ali pa switch imodzi, ndipo pali karauta ka Wi-Fi kopanda intaneti. Kodi ndikuyenera kuika foo2zjs ndi firmware pa iliyonse?

Limbani wa ku Limbe: Ayi, pa imene ili ndi chingwe yokha. Muigawe:

sudo cupsctl --share-printers
sudo lpadmin -p HP1020 -o printer-is-shared=true

Kapulogalamu ka Avahi kailengeza pa netiweki, enawo aiona okha.

Tiwonge (Leeds): Dikirani, apa ndi pamene ine ndi a Limbani tikukumana, ngakhale iwo sakufuna kuvomera. Taonani chomwe chichitike aphunzitsi akalemba mizere iwiriyo. Makompyuta 13 aja sadziwa kuti kuseri kuli 1020 ya 2005. Aona printa ya IPP yolandira PDF, basi. Foni ya iPhone ikalowa pa Wi-Fi ija iona ngati AirPrint, ya Android nayo iipeza. Driver yatsala malo amodzi, pa kompyuta ya kutsogolo, yomwe yasanduka womasulira. Ndiye kuti aphunzitsi apanga printa yopanda driver kuchokera ku printa yokalamba.

Ndipo zimene a OpenPrinting akukonza pa CUPS 3 ndi zomwezi. Ma driver akale sakuwataya kudzala, akuwatsekera m'timapulogalamu totchedwa Printer Applications. Kalikonse kamadzionetsa ngati printa ya IPP Everywhere, mkati mwake muli Ghostscript, kapena HPLIP, kapena Gutenprint, kakuchita ntchito yakale ija. Sweet analemba PAPPL kuti ikhale maziko ake. CUPS yokha idzangolankhula IPP.

Limbani wa ku Limbe: Ndavomera theka. Papepala zikumveka. Nkhawa yanga ndi yoti amene amayesa zinthu zimenezi ali ndi maprinta atsopano pa desiki ndi intaneti yosatha. Kodi alipo amene akuyesa 1020 yomwe magetsi amaithimira kanayi patsiku? Kapena kompyuta ya RAM ya 2 GB? Zikadzasintha, munthu ngati aphunzitsiwa adzangoona kuti atapanga upgrade printa yasowa, sabata ya mayeso.

Tiwonge (Leeds): Ndiye tiziyesa ndife n'kumawauza. Malo olembera mavuto ali poyera pa GitHub, safunsa pasipoti. Tikakhala chete adzaganiza kuti 1020 zonse zinafa.

Madala Gondwe: Apa mwana wa ku Leeds walasa. Mndandanda wa maprinta umene uli pa OpenPrinting unayamba ngati linuxprinting.org ya Grant Taylor, ndipo unadzaza chifukwa anthu wamba ankalemba kuti yanga yagwira ndi driver yakuti, yanga yakana. Sanali akatswiri onse. Koma a Limbani nawo asanyozedwe. Ine upgrade sindipanga mwezi wa mayeso kapena wa malipiro, olo andilonjeze kumwamba.

Kondwani: Ndalowa mochedwa, koma ndaona mawu oti share-printers ndiye ndiyenera kulankhula. Aphunzitsi, gawani pa netiweki ya m'kalasi yokha. Pali chosankha china cholola kuprinta kuchokera kulikonse, pa tsamba lija chimalembedwa Allow printing from the Internet, pa terminal ndi --remote-any. Musachikhudze.

Chachiwiri, makompyuta anuwo munawapanga update liti? Mu September 2024 katswiri wina wa ku Italy, Simone Margaritelli, anaulula mabowo angapo, lalikulu lili mu cups-browsed, kapulogalamu kamene kamapeza maprinta pa netiweki n'kuwaika kokha. Kankamvetsera pa UDP port 631 n'kukhulupirira aliyense. Munthu ankatha kutumiza kauthenga kamodzi, kompyuta yanu n'kudziikira printa yabodza, ndipo wina akangoprintira pamenepo, lamulo la wachiwembuyo limayenda pa kompyutayo. Nambala yake ndi CVE-2024-47176 ndi anzake. Ubuntu, Debian, Red Hat onse anatseka msanga, koma chotseka chimafika kwa amene wapanga update.

Yamikani: Kunena zoona, chiikireni sindinapangepo. Bandulo ndimagula ndi ndalama yanga.

Kondwani: Ndikumvetsa. Poti rauta yanu ilibe intaneti, wakunja sangakufikeni. Otsala ndi ana anu a Fomu 3 ochenjera aja, ndipo pa sukulu iliyonse amakhalapo mmodzi. Simukuyenera kukoka zonse. Lembani sudo apt update, kenako sudo apt install --only-upgrade cups cups-browsed cups-filters, pamodzi ndi ma library ake. Sizidya bandulo yambiri. Mafayilo a .deb mukhoza kuwakoka kamodzi n'kuwazungulitsa pa flash.

Chisomo: Wa Fomu 3 wochenjerayo ndinali ine, ndipo sindinkafuna CVE. Password ya aphunzitsi inali dzina la mwana wawo.

Esnart (admin): Chisomo, khala bwino.

Mayi Nabanda: Poti akatswiri mwasonkhana, nanenso ndipemphe. Pa shopu ndili ndi Epson ya matanki yomwe pa Linux imayenda bwino ndi driver ya escpr. Wina akundigulitsa Canon LBP2900 yogwirapo kale ntchito, mtengo wabwino. Nditenge?

Limbani wa ku Limbe: Makinawo ndi olimba, ndipo katiriji yake ya 303 imagwirizana ndi 12A, ndiye toner simuvutika. Koma chilankhulo chake ndi CAPT, cha Canon okha. Njira zilipo ziwiri. Canon ali ndi driver yawo ya Linux, imayenda ndi kapulogalamu kapadera kotchedwa ccpd komwe kayenera kuyaka pambali pa CUPS, ndipo kuikika kwake kumafuna munthu wodekha. Ina ndi captdriver, yaulere, yolembedwa ndi anthu amene anaphunzira chilankhulocho pomvetsera chingwe, koma muyenera kuimanga nokha kuchokera ku source. Zonse zimatheka. Koma pa shopu, pomwe kasitomala waima akudikira, ine ndikanasankha printa yomva PCL kapena PostScript yokhala ndi polowetsa chingwe cha netiweki. Ma LaserJet akuluakulu otsika m'maofesi aja. Mumangolemba socket:// ndi adiresi yake, port 9100, driver ya Generic PCL, mwamaliza.

Lamulo langa pogula yakale: musanapereke ndalama, lembani dzina lake pa tsamba la OpenPrinting. Brother zambiri zotchipa zimayenda ndi brlaser, Samsung zakale ndi SpliX, Epson ndi Canon za inki zambiri ndi Gutenprint.

Kondwani: Ndionjezere pa Brother. Ofuna kuika Raspberry Pi ngati seva ya printa adziwe kuti ma driver ambiri a makampani anamangidwira ma processor a Intel, pa ARM sayenda. Brlaser imayenda, chifukwa source ilipo, aliyense amaimangira makina ake. Yanga ya kunyumba ili choncho, ndipo Pi imayaka ndi power bank.

Mayi Nabanda: Ndamva. Ndimuuza abwere nayo tiyese kaye pa shopu, ikakana abwerere nayo.

Yamikani: Ndagawa, ndipo makompyuta onse aiona. Ndayesa pa foni yanga, pepala latuluka, mpaka ndinaseka ndekha. Koma tsopano ndadzipalira. Aphunzitsi akangodziwa kuti foni ikuprinta, toner itha sabata imodzi ndi makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a ukwati. Pali njira yodziwira amene waprinta?

Madala Gondwe: Ilipo, /var/log/cups/page_log. Imalemba dzina, nthawi ndi masamba. Pa CUPS za masiku ano imabwera yozimitsa, muyenera kudzaza mzere wa PageLogFormat mu cupsd.conf. Lembani man cupsd.conf, chitsanzo chili momwemo, mungokopera. Mukhozanso kuika malire:

sudo lpadmin -p HP1020 -o job-quota-period=604800 -o job-page-limit=100

604800 ndi masekondi a sabata imodzi, ndiye munthu aliyense masamba 100 pa sabata. Koma imawerenga potengera dzina lolowera. Ngati ana onse amalowa ngati student, ndiye kuti 100 imeneyo ndi ya sukulu yonse, ndipo Lachiwiri idzakhala itatha.

Langizo la munthu wamkulu: musanaike malire, kaonaneni ndi ahedi, chiganizo chichokere kwa iwo. Tsiku limene makina adzakanize achiwiri kwa ahedi, mudzafuna pobisala.

Yamikani: Zoona zimenezo 😅 Ndiyamba ndi kulemba kokha, malire pambuyo. Password ya Wi-Fi ndisintha.

Limbani wa ku Limbe: Ndipo za mock. Musaprinte makope onse pa 1020, achimwene. Imatulutsa masamba 14 pa mphindi, ndi ya pa desiki, mukaithamangitsa masamba masauzande tsiku limodzi fuser film, yotenthetsa toner kuti imatirire pa pepala, ipsa ndipo mudzandipeza ku Limbe. Printani kope limodzi loyera, lotsalalo ku fotokope. Mukafuna mbali zonse ziwiri, ilibe duplex: lp -o page-set=odd, mutembenuze mapepala, kenako page-set=even. Yesani kaye ndi masamba anayi, chifukwa aliyense amatembenuza molakwika ulendo woyamba.

Chisomo: Funso lomaliza, lopanda mutu. Kwa amalume kuli Epson ya dot matrix ija yolira ngati chigayo, ya malisiti. Ndikatumiza mawu wamba ndi -o raw imathamanga, koma Malaŵi imatuluka Mala┼╡i. Ndi chiyani chimenechi?

Madala Gondwe: Haa, funso limeneli lili ndi mutu kuposa ena onse. Mu UTF-8 chilembo ŵ ndi ma byte awiri, C5 ndi B5. Raw imatanthauza kuti CUPS isakhudze kanthu, ingopereka. Printayo ikuwerenga byte iliyonse payokha pa tebulo lakale la PC437, pomwe C5 ndi kamtanda, B5 ndi kakhoma kaja. Ŵ pa tebulolo palibe. Ukachotsa raw n'kugwiritsa driver ya Epson 9-Pin imene CUPS imabwera nayo, tsamba lonse limapita ngati chithunzi, ŵ wako atuluka ndi kachipewa kake, koma chigayocho chilira nthawi yaitali. Pa malisiti amalume angolemba w wamba. Pa kalata yopita kwa a mfumu, dikira.

Tiwonge (Leeds): A ku Wales nawo ali ndi ŵ, n'chifukwa chake mafonti ambiri ali naye. Tinapulumukira pamsana pawo.

Yamikani: Anzanga, mayeso enieni a printa achitika. Magetsi anathima 2 koloko, abwera pompano cha m'ma 5. Ndinali nditatseka kale chipinda koma ndabwerera dala. Ndayatsa kompyuta, printa yalira koyamba, ndaima ndikuwerenga chamumtima, yaliranso. Pepala la Chichewa Paper 2 latuluka lonse, mzere womaliza ulipo. Akalaliki ndawauza kuti laputopu yawo yapuma pa ubusa.

Limbani wa ku Limbe: Kafayilo ka sihp1020.dl kaja mukasunge pa flash, muike mu kabati ya ahedi. Tsiku lina mudzaikanso Mint mulibe bandulo. Za mbatata sindinaiwale, ndikudutsa Loweruka pa basi ya ku Lilongwe.